Gingipain ya Porphyromonas gingivalis: inaumbidwa motani ndipo imagwira bwanji ntchito?

Nabanda:
Ndikupereka moni kwa akuluakulu onse a pagulu lino. Ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a za mano, ndipo sabata ino tafika pa mutu wa chiseyeye, makamaka pa bakiteriya wotchedwa Porphyromonas gingivalis. M'zolemba zomwe tapatsidwa angonena kuti chida chake chachikulu ndi gingipain, ndiponso kuti gingipain ndi protease, koma sanafotokoze kuti kanthu kosaoneka ndi maso kangagwedeze bwanji dzino la munthu wamkulu mpaka kuguluka. Atchulanso mayina atatu, RgpA, RgpB ndi Kgp, omwe ndawaloweza pamtima koma mutu wake sindikuuona. Ngati alipo amene anaigwirapo ntchito imeneyi, ndikupempha kuti andiunikire.

A Phiri:
Mwachita bwino kufunsa, mwana wathu. Ine ndinaphunzitsa biology ku sekondale mpaka ndinapuma, choncho ndiyala maziko okha, odziwa adzamangapo. Puloteni ili ngati mkanda wautali wotungidwa ndi timikanda ta mitundu 20 totchedwa ma amino acid, ndipo mkandawo umapindikapindika mpaka kukhala ndi maonekedwe akeake. Protease ndi enzyme imene imadula ulusi pakati pa timikanda tiwiri. Pophunzitsa ndinkakonda kukumbutsa ana za amayi amene amakulunga nyama ya tambala wokalamba m'masamba a papaya kuti ifewe, chifukwa mu utomoni wa papaya muli protease yotchedwa papain. Popeza mayina awiriwa akumveka mofanana, ine ndikuganiza kuti gingipain ndi papain ndi pachibale, ndipo bakiteriyayu amafewetsa nkhama monga momwe papaya amafewetsera nyama. Ndiulule kuti m'masiku athu tikati chiseyeye tinkathamangira kunena za kusowa kwa vitamini C, za mabakiteriya sitinkazitchula kwenikweni.

Nankhoma:
Aphunzitsi, fanizo lanu la mkanda ndilibwereka chifukwa ndi labwino, koma pa chibalecho mundilole ndiwongolepo pang'ono. Ndi zoona kuti papain ndi gingipain zonse zimadula pogwiritsa ntchito amino acid yotchedwa cysteine, koma mapindidwe a mkanda wake ndi osiyana kotheratu, moti akatswiri anaziika m'mafuko awiri: papain ili m'fuko la CA, pamene gingipain ili m'fuko la CD, m'banja la C25. Abale ake enieni ndi ma caspase, omwe maselo athu amagwiritsa ntchito podzipha okha nthawi yawo ikakwana, komanso clostripain ya bakiteriya wa mtundu wa Clostridium. Dzinalo linachokera kumeneko, pophatikiza gingivalis ndi clostripain, ndipo linalembedwa mu 1992 ndi gulu la James Travis ndi Jan Potempa pa University of Georgia ku America, pamene anaipatula enzymeyi payokha.

Kusiyana kumene kukukhudza funso la Nabanda ndi kwakuti papain sisankha kwambiri podula, pamene gingipain imadula pamalo amodzi okha. RgpA ndi RgpB zimadula ulusi pambuyo penipeni pa arginine, ndipo chilembo cha R chikuimira arginine. Kgp imadula pambuyo pa lysine, yomwe chilembo chake ndi K. Mukagwira mfundo imeneyi mayina atatu aja sakhalanso oloweza.

Tsopano za maumbidwe. Mu 1999 Andreas Eichinger pamodzi ndi Wolfram Bode, Robert Huber ndi anzawo a ku Max Planck Institute ku Martinsried, m'dziko la Germany, anajambula RgpB poiwalitsira X-ray itaumitsidwa ngati timiyala ta mchere. Anapeza kuti mkanda wake wa ma amino acid 435 unapindika mooneka ngati dzino la muzu umodzi wokhota, zomwe zimandiseketsa nthawi zonse, poti ndi enzyme yogulula mano. Mutu wa dzinolo ndiye mbali yodula, ndipo muzu wake ndi mbali yofanana maonekedwe ndi zidutswa za ma antibody. Pamwamba pa mutuwo, pomwe dzino limatafunira, pali ma amino acid awiri oyandikana, cysteine ya nambala 244 ndi histidine ya nambala 211. Pambali pawo pali kadzenje kakuya ndi kopapatiza, ndipo pansi pa kadzenjeko pakhala aspartate ya nambala 163.

Kadzenje kameneka ndiko kamasankha. Arginine ili ndi mkono wautali womwe kumapeto kwake kuli mphamvu ya magetsi ya positive, pamene aspartate ya pansi ija ndi ya negative. Mkanda wa puloteni ukamadutsa pamwamba pa enzyme, timikanda tina sitikwanamo kapena sitigwidwa, koma arginine ikafika mkono wake umalowa m'kadzenje mpaka pansi n'kukanirira. Pamenepo ulusi wotsatira umakhala utagona ndendende pamaso pa cysteine. Sulufule wa cysteine amagwira carbon wa ulusiwo, histidine imathandiza posuntha hydrogen, ulusi umaduka, ndipo theka limodzi la mkanda limachoka pamene lina limatsala litamatirira pa cysteine kwa kanthawi kochepa, kufikira madzi atalimasula. Zikatero enzyme imakhala monga inalili poyamba, yokonzeka kulandira mkanda wina.

Nabanda:
Zikomo kwambiri, achemwali, tsopano ndayamba kuona. Koma zandibweretsera funso lina. Bakiteriyayo thupi lake lilinso ndi mapuloteni okhala ndi arginine ndi lysine, nanga amapanga bwanji lumo lotere m'mimba mwake osadzicheka yekha?

Nankhoma:
Funso limenelo ndi limene linatenga akatswiri zaka zina zambiri. Yankho lake ndi lakuti mpeniwo umasulidwa uli kale m'chimake. Gingipain ikamapangidwa imakhala ndi chidutswa chowonjezera kutsogolo kwake, cha ma amino acid pafupifupi 200, chotchedwa prodomain. Mu 2013 gulu la Xavier Gomis-Rüth ku Barcelona, mogwirizana ndi la Potempa, linajambula RgpB ili pamodzi ndi chimake chakecho, ndipo linaona kuti chimakecho chimatambasula kachingwe komwe kali ndi arginine yakeyake, ya nambala 126, n'kuilowetsa m'kadzenje kaja. Kadzenje kakadzadza, arginine ya puloteni ina iliyonse imasowa polowa.

Enzyme yotsekedwayo imatulutsidwa kunja kwa selo kudzera pa khomo lapadera lotchedwa Type IX secretion system, lomwe ofufuza a ku Nagasaki ku Japan, motsogozedwa ndi Koji Nakayama, anachita zambiri polifotokoza. Kumchira kwa enzyme kuli kachidutswa kena kamene kali ngati chiphaso chotulukira. Ikafika kunja, puloteni ina yotchedwa PorU imadula chiphasocho n'kumangirira enzymeyo ku khungu la bakiteriya, pa chinthu chotchedwa A-LPS, ndipo chimake chija chimadulidwa n'kuphwanyidwa. Choncho mpeni umasololedwa utayang'ana kunja. Ma gingipain ambiri amakhala pakhungu pomwepo, koma bakiteriyayu amathotholanso timatumba ting'onoting'ono ta khungu lake todzadza ndi ma enzymewa, ndipo timatumbato timalowa m'minofu kutali ndi pomwe mwiniwake ali.

Ndiwonjezere za kusiyana kwa atatu aja. RgpB ndi yaifupi, ili ndi mutu ndi muzu basi. RgpA ndi Kgp zili ndi zidutswa zina kumbuyo kwa muzu zomwe ntchito yake si kudula koma kugwira: zimamatirira ku maselo ofiira a magazi, ku hemoglobin (puloteni yonyamula okosijeni m'maselowo), ndi ku mapuloteni olumikiza minofu monga fibronectin. Kgp inajambulidwa mu 2014 ndi gulu lomwelo la ku Barcelona, ndipo maumbidwe ake ndi ofanana kwambiri ndi a RgpB, kungoti kadzenje kake kanaumbidwa molandira lysine, ndipo pa cysteine ndi histidine pali aspartate yachitatu yothandizira.

A Mbewe:
Ine si wofufuza ayi, ndimagwira ntchito mu labotale ya tizilombo, koma ndinakhalapo pa ntchito ina pomwe tinkalera bakiteriya ameneyu, ndipo zomwe akunena mayi Nankhoma ndinaziona ndi maso, ngakhale kuti panthawiyo sindinkadziwa chifukwa chake. Bakiteriyayu sapirira mpweya wa okosijeni. Timamudzala pa mbale ya agar yosakaniza ndi magazi, n'kuitsekera mu botolo lochotsedwa mpweya, ndipo amachedwa kumera. Masiku oyambirira timaona timadontho totuwira, kenako timayamba kuderako, ndipo pakatha pafupifupi sabata timakhala titada bii, tonyezimira ngati phula watsopano. Ukatsegula botololo fungo lake silisiyana ndi la m'kamwa mwa munthu wodwala chiseyeye chokhalitsa, ndipo limakanirira m'zovala.

Poyeza mphamvu ya Rgp, kutanthauza RgpA ndi RgpB, tinkagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa BAPNA, omwe ndi arginine yomangiriridwa ku utoto. Akakhala osadulidwa madziwo amaoneka oyera, koma enzyme ikadula pambuyo pa arginine utoto umamasuka ndipo madzi amasanduka achikasu, n'kuyezedwa pa makina pa 405 nm. Tsiku lina ndinakonza zonse bwinobwino, koma machubu anga anangokhala mbuu kwa ola lathunthu, ndipo ndinayamba kukayikira kuti enzyme yafa mu firiji. Mnzanga wina atafunsa ngati ndinathira cysteine m'madzi osungunulira, ndinazindikira kuti ndinaiwala. Nditathira, chikasu chinayamba kuoneka ndikuyang'ana. Kodi chimenechi chikugwirizana ndi cysteine ya 244 ija?

Nankhoma:
Chikugwirizana ndithu, bambo Mbewe. Sulufule wa cysteine yodulayo akakhudzana ndi okosijeni amafooka, ndipo cysteine yomwe munathira ndi imene inamubwezeretsa. N'chifukwa chake enzymeyi imagwira ntchito bwino m'malo opanda mpweya, monga pansi pa nkhama. Imafunanso calcium kuti isaphwasuke.

Kuda kwa timadontho tija nakonso ndi ntchito ya gingipain. Bakiteriyayu sadya shuga monga amachitira mabakiteriya oboola mano. Chakudya chake ndi tizidutswa ta mapuloteni, ndipo sangathe kudzipangira heme, kanthu ka ayironi kamene kamafiiritsa magazi. Ndiye amaba wathu. Rgp imayamba kuisokoneza hemoglobin kuti ayironi wake asinthe n'kufooketsa kagwiridwe, kenako Kgp imaiduladula mpaka heme atamasuka, ndipo puloteni ina yotchedwa HmuY imamutola. Heme wotsala amaunjikidwa pakhungu la bakiteriya, ndipo ndiye phula munaona uja, yemwe amakhala nkhokwe komanso chishango choteteza ku okosijeni. Bakiteriya amene anachotsedwa jini ya kgp sada chomwecho, ndipo amene anachotsedwa majini onse atatu amalephera kukula pa chakudya cha puloteni yokha. Kawirikawiri amati ma gingipain amagwira pafupifupi 85 peresenti ya ntchito yonse yodula mapuloteni imene bakiteriyayu amachita kunja kwa selo lake.

A Dokotala:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma ndikufuna kumubwezera Nabanda pa mpando wa odwala, chifukwa funso lake loyamba linali lakuti dzino limaguluka bwanji. Mukatenga kachitsulo koyezera, kokhala ndi timizere ta mamilimita, n'kukalowetsa pakati pa dzino ndi nkhama ya munthu wabwinobwino, kamalowa mamilimita 1 mpaka 3 basi. Mwa wodwala kamamira mpaka 6 kapena kupitirira, ndipo mukakatulutsa magazi amatsatira pang'onopang'ono m'mphepete mwa dzino. Dzenje limenelo mulibe mpweya, ndi lofunda, ndipo mumangochucha madzi a m'magazi odzadza ndi mapuloteni. Kwa bakiteriya wosadya shuga koma puloteni ndi heme, amenewo ndi madyerero.

Chimene ndikufuna mumvetse, mwana wanga, n'chakuti gingipain si imene imadya fupa logwira dzino. Fupalo limagumulidwa ndi maselo a wodwala yemweyo, otchedwa ma osteoclast, pomvera kutupa kosatha. Ntchito ya gingipain ndi kusonkhezera moto umenewo kuti usazime. Imadzutsa puloteni ya m'magazi yotchedwa prekallikrein, zomwe zimatulutsa bradykinin, kanthu kotupitsa, ndipo mitsempha ing'onoing'ono imayamba kuchucha kwambiri. Imadzutsa prothrombin ndi factor X ngati ikufuna kuti magazi aundane, koma nthawi yomweyo Kgp imaphwanya fibrinogen, puloteni yomwe imapanga ulusi woundanitsa magazi, choncho chotupacho sichiuma. Mwina ndi chimodzi mwa zifukwa zimene odwala ambiri amandiuza kuti akaluma chimanga chootcha kapena mzimbe amaona magazi pa chotsalacho, koma samva kupweteka kulikonse, ndipo amabwera kuchipatala mano atayamba kale kugwedera.

A Phiri:
Adokotala, apa pandizunguza. Ngati kutupa ndi njira imene thupi limaitanira asilikali ake, bakiteriya wanzeru akanayesetsa kukuzimitsa. Akupindulanji poitana adani ake omwe?

Nankhoma:
Amawaitana, Aphunzitsi, koma amawalanda zida pakhomo. M'magazi muli gulu la mapuloteni oteteza lotchedwa complement. Rgp imadula imodzi mwa iwo, C5, n'kutulutsa kachidutswa kotchedwa C5a, komwe ndi mfuu yoitana maselo oyera, koma chidutswa china chomwe chikanayambitsa kuboola khungu la bakiteriya imachiphwanya. Rgp ikachuluka imaphwanyanso C3 ya m'gulu lomwelo, komanso ma antibody, ndi CD14 yomwe maselo oyera amanunkhizira mabakiteriya. George Hajishengallis ndi anzake anasonyeza kuti C5a ikachuluka pamalo amodzi, uthenga wake umasokonezana ndi wa TLR2, puloteni ina yozindikira mabakiteriya, m'kati mwa selo loyera, moti selolo limapitiriza kutulutsa zotupitsa koma mphamvu yake yakupha imachepa. Kutupa kumabweretsa chakudya, ndipo akupha aja afika manja ali omangidwa.

Mu 2011 gulu lomwelo, pamodzi ndi Richard Darveau ndi Michael Curtis, linachita kafukufuku pa mbewa za mu labotale amene anasintha maganizo a ambiri. Bakiteriyayu ataikidwa m'kamwa mwa mbewa zabwinobwino anakhalamo wochepa kwambiri, wosafika 0.01 peresenti ya mabakiteriya onse, komabe mabakiteriya ena anachulukana ndipo fupa linayamba kutha. Ataikidwa mwa mbewa zoleredwa popanda bakiteriya wina aliyense, fupa silinathe. Tanthauzo lake ndi lakuti iye amangogwetsa mpanda, ndipo owononga munda ndi khamu lonse lolowa pambuyo pake.

Pali kanthu kenanso kochokera ku kadzenje ka arginine komwe madokotala a nyamakazi amakatsatira. Popeza Rgp imadula pambuyo pa arginine, kachidutswa kalikonse komwe yadula kamathera ndi arginine. Bakiteriya yemweyu ali ndi enzyme ina, PPAD, imene imakonda arginine ya kumapeto yomweyo n'kuisandutsa amino acid ina yotchedwa citrulline. Odwala nyamakazi ya rheumatoid arthritis ambiri ali ndi ma antibody olimbana ndi mapuloteni okhala ndi citrulline, ndipo n'chifukwa chake ena amaganiza kuti matenda awiriwa ali ndi ulusi wowalumikiza, ngakhale kuti mtsutso wake udakalipo.

Nabanda:
Ngati kadzenjeko kakudziwika mpaka nambala ya amino acid ya pansi pake, bwanji osangopanga mankhwala otsekapo monga chimachitira chimake chija? Ndinaonanso penapake kuti gingipain imayambitsa matenda a Alzheimer, kodi zimenezi n'zoona?

Nankhoma:
Zotsekera zilipo. Mu labotale mankhwala otchedwa leupeptin amaletsa Rgp koma osati Kgp, ndipo ku Japan anapanga KYT-1 yoletsa Rgp ndi KYT-36 yoletsa Kgp. Zonsezi zimatsanzira mkono wa arginine kapena wa lysine kuti zilowe m'kadzenje. Vuto ndi lakuti thupi lathu lili ndi ma enzyme ake ambiri odula pambuyo pa arginine ndi lysine, monga trypsin, thrombin ndi plasmin, kotero chotsekera chiyenera kusiyanitsa kadzenje ka mlendo ndi ka mwininyumba.

Za Alzheimer zinamveka kwambiri mu 2019, pamene Stephen Dominy ndi anzake, ambiri mwa iwo a kampani ya Cortexyme ya ku California, analemba mu Science Advances kuti anapeza gingipain yochuluka mu ubongo wa anthu omwe anamwalira ndi matendawa kuyerekeza ndi ena, kuti imaduladula puloteni ya m'maselo a ubongo yotchedwa tau, ndiponso kuti mbewa zopatsidwa bakiteriyayu m'kamwa zinapezeka naye mu ubongo. Kampaniyo inapanga mankhwala oletsa Kgp otchedwa atuzaginstat, ndipo anayesedwa pa odwala 643 kwa masabata 48 m'kafukufuku wotchedwa GAIN. Zotsatira zitatuluka mu Okutobala 2021, mankhwalawo sanakwanitse zolinga zake ziwiri zikuluzikulu. Kampaniyo inanena kuti omwe anali ndi bakiteriyayu m'malovu anaoneka kuti apindulako, koma ena mwa omwa mankhwalawo chiwindi chawo chinasonyeza kuvutika, ndipo mu Januwale 2022 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linaletsa kupitiriza kuyesa mankhwalawo pa anthu. Ine ndimaona kuti mawu akuti "imayambitsa" ndi olemera kuposa umboni umene ulipo. Munthu amene wayamba kuiwalaiwala amasiyanso kutsuka m'kamwa, choncho kupeza bakiteriya mwa iye sikukutiuza kuti chinayamba ndi chiti.

A Dokotala:
Ndikugwirizana nanu, mayi Nankhoma, ndipo ndikupempha Nabanda kuti asadzawopseze odwala ndi nkhani ya ubongo. Chiseyeye pachokha ndi chachikulu mokwanira: lipoti la WHO la 2022 linati chiseyeye choopsa chikukhudza pafupifupi 19 peresenti ya akuluakulu padziko lonse, anthu oposa 1 biliyoni. Mpaka lero palibe mankhwala oletsa gingipain amene ndingalembere wodwala. Chimene timachita ndi kupala miyala ndi litsiro lokanirira pa muzu wa dzino pansi pa nkhama, kuti dzenje lichepe ndipo mpweya ufikemo, kenako kulimbana ndi fodya ndi matenda a shuga, zomwe zimakulitsa vutoli koposa.

Komabe sindikunena kuti maumbidwe aja alibe ntchito kwa ife. Walter Loesche wa ku University of Michigan anakonza njira yoyezera pambali pa mpando yotchedwa BANA, yomwe mfundo yake ndi yomweyo ya machubu a bambo Mbewe: mumatenga litsiro la pansi pa nkhama n'kulipaka pa kapepala kokhala ndi arginine yomangiriridwa ku utoto, ndipo kakasanduka kobiriwira ngati thambo mumadziwa kuti muli wina wodula pambuyo pa arginine. Kapepalako sikasiyanitsa Porphyromonas gingivalis ndi anzake awiri, Treponema denticola ndi Tannerella forsythia, chifukwa onse atatu amatha kudula pamenepo; atatuwa Sigmund Socransky anawaika pamodzi mu 1998 m'gulu lotchedwa red complex.

A Mbewe:
Pa mfundo imeneyo ndiwonjezere kuti ngati Nabanda adzakhale ndi mwayi woyesa yekha mu labotale, akonze machubu awiri, imodzi ya BAPNA ndi ina ya mankhwala ofanana nawo koma okhala ndi lysine m'malo mwa arginine. Akathira leupeptin monse muwiri, chikasu chidzaleka kuwonjezeka mu chubu ya arginine koma chidzapitirira mu ya lysine, ndipo adzakhala ataona ndi maso ake kuti Rgp ndi Kgp ndi ma enzyme awiri osiyana. Asaiwale cysteine, ndipo aisungunule tsiku lomwelo, chifukwa ya dzulo imakhala itatha kale mphamvu ndi mpweya.

Nabanda:
Ndathokoza nonse, akuluakulu anga. Ndajambula dzino la muzu wokhota lija m'kope langa, kadzenje ndi aspartate yake pansi, ndipo chimake ndachijambula pambali ndi pensulo kuti ndizitha kuchifufuta. Lachinayi tili ndi chipatala cha ophunzira, ndipo ndapempha kuti andipatse kachitsulo koyezera nkhama kuti ndiyambe kuwerenga mamilimita aja ndekha.